Apongozi Akumwa Mapiritsi Anga a Kafukufuku

Aphungu,

Kalata iyi ndailemba katatu n'kuing'amba, ndiye ino muilandire mmene ililimu. Mayina ndasintha, poti Chipata ndi tauni yaing'ono, ukatsokomola ku Nabvutika wa ku Kapata wamva kale.

Ndine mayi wa zaka 43, ntchito yanga ndi ya utelala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika: mayunifomu a sukulu, madiresi a zikwati, ndi zigamba zikapezeka. Amuna anga, a Bonifasi, amagwira ntchito yokonza mapepala a malole kuboda ku Mwami. Amabwera Loweruka, Lolemba m'mawa apita. Mwana tili naye mmodzi, Chikondi, ali kusekondale yogonera komweko.

Mutu waching'alang'ala unandiyamba ndili ndi zaka 19, ndipo sunandisiyepo. Umayamba ndi timizere tonyezimira m'diso lakumanzere, bowo la singano osalionanso. Ndikaona zimenezo ndimadziwa kuti ndatsala ndi theka la ola. Ndimavindikira makina, kuwalowetsa m'sitolo, kukwera njinga, ulendo wa kunyumba. Pofika, mbali imodzi ya mutu imakhala ikugunda, nseru ili pakhosi, ndipo ngakhale fungo la sopo limandisanzitsa. Ndimagona nditatchinga windo ndi bulangete masiku awiri, nthawi zina atatu. Pamwezi masiku khumi kapena khumi ndi awiri ankapita choncho. Makasitomala ambiri anandithawa, ndipo sindiwaimba mlandu. Mwini ukwati sangasinthe tsiku chifukwa telala wagona.

Palibe chimene sindinayese. Mphini zili mbali zonse ziwiri za nkhope yangayi. Ndapemphereredwa, ndagula magalasi, ndinasiyapo tiyi chaka chathunthu, malungo ndayezedwa kosawerengeka. Chondiwawa kwambiri chinali mawu a anthu akuti, "Mutu basi? Imwani panado mudzuke." Ena ankati ndi ulesi, ena ankati ndili ndi maganizo. Ndinatopa kufotokoza mpaka ndinangosiya.

M'mwezi wa Epulo chaka chino ndinapita kuchipatala china cha m'tauni muno nditasanza masiku awiri. Namwino wina, ndimutche Sista Lenia, anandifunsa mafunso amene munthu sanandifunsepo zaka 24 zonsezi. Anafunsa ngati ndimaona kuwala mutu usanayambe. Aphungu, ndinalira pampando pomwepo, chifukwa ndinkayesa kuti timizere timeneti ndimationa ndekha padziko lonse. Anandiuza kuti pali kafukufuku wa miyezi isanu ndi inayi woyesa mapiritsi oletsa mutu wotere kuti usamabwere kawirikawiri. Anandiwerengera pepala lalitali la m'Chinyanja, n'kundipatsa kuti ndikaliwerengenso kunyumba. Anafotokoza kuti ena alandira mankhwala enieni, ena alandira mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala, ndipo ngakhale iyeyo sadziwa kuti ndani walandira ati. Pabotolo palibe dzina la mankhwala, pali nambala yanga yokha. Piritsi limodzi m'mawa uliwonse. Anandipatsanso kabuku ka masiku: ukamwa uchonge, mutu ukabwera ulembe mtanda. Mwezi ukatha ubwere ndi botolo ndi kabuku, awerenge mapiritsi otsala, akupatse botolo lina. Ndinasaina. Sindinama, mzere wakuti mapiritsi awa musapatse munthu wina aliyense unalipo, ndipo ndinauwerenga.

Epulo ndinalemba mitanda isanu ndi umodzi. Meyi inayi. Juni iwiri yokha. Ndinasoka mayunifomu a kwaya yonse osadumphitsa tsiku, ndinayambanso kulandira ntchito za zikwati zomwe ndinkakana. A Bonifasi anati ndanenepa. Kaya anali mankhwala enieni kaya ayi, ine sindikudziwa, koma ndinabwerera kukhala munthu pakati pa anthu.

Kumapeto kwa Juni, atatha kukolola mtedza, apongozi anga, a Nambewe, anabwera kuchokera kumudzi kufupi ndi Tamanda. Ali ndi zaka 71, ndi amasiye, amakhala okha. Anatsika minibasi atapindika, dzanja lili pamsana, mawondo atatupa. Msana ndi nyamakazi zinawayamba kalekale, koma chaka chino zinafika poti kudzuka pamphasa kunkafuna munthu wowakoka. Amamwanso mankhwala a kuthamanga kwa magazi omwe amalandira kuchipatala cha kwawo. Ndinapita nawo kuchipatala chathu. Anapatsidwa mapiritsi opha ululu a masiku asanu, ndipo anauzidwa kuti pali gulu la achikulire a msana ndi mawondo limene likuphunzitsidwa masewero olimbitsa thupi, nalonso la kafukufuku. Anasuzumira pakhomo, anaona azimayi atagona chagada akukweza miyendo, n'kubwerera chambuyo. Anati, "Ine, mayi wa Chigwirizano, ndikatukule miyendo pamaso pa ana? Tiyeni kunyumba."

Ndikanabisa botolo langa m'chikwama, zonsezi sizikanachitika. Koma linkakhala pakabati, pambali pa shuga, kuti ndisamaiwale. M'mawa wina anandiyang'ana ndikumeza, n'kufunsa kuti, "Amake Chikondi, amenewo ndi a chiyani?" Ndinati ndi a mutu. Anati, "Nanga mutu ndi msana si chinthu chimodzi? Zonse zinalumikizana pakhosi apa. Tandigawireniko limodzi ndione."

Aphungu, inu mukudziwa mmene tinakulira. Kwathu kuno mankhwala ali ngati mchere, ukakuthera umakapempha kwa mnzako, ndipo wokana amatchuka mudzi wonse. Mayi anga ankadula panado pakati ndi mpeni kuti akwanire ana awiri. Ndiye apongozi, mayi obereka amuna ako, atambasule dzanja m'nyumba mwako, iwe n'kunena kuti pepala la kuchipatala linakana? Ndinayesako ndithu. Ndinati, "Amayi, amenewa ndi owerengedwa, ndi a kafukufuku." Anabweza dzanja mwakachetechete n'kunena kuti, "Chabwino mwananga, ndamva. Imwani muchire." Tsiku lonselo sanadye, anangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Loweruka a Bonifasi atabwera anandiitanira kuchipinda n'kufunsa kuti, "Ndiye mwafika pomana mayi anga piritsi limodzi?" Lamulungu m'mawa ndinawapatsa apongozi piritsi ndi manja awiri.

Tsiku lachitatu anadzuka okha, anasesa bwalo lonse. Sabata yachiwiri anayenda wapansi mpaka kutchalitchi, ndipo kumsonkhano wa amayi anaimirira kuchitira umboni kuti Mulungu anawapatsa mpongozi wamtima wabwino. Ine ndinali pomwepo, azimayi akundiwombera m'manja. Chikwatiwireni, zaka 20, anali asanandiyamikirepo pagulu. Ndinasangalala, sindibisa.

Mwezi wa Julaye tinkasinthana, lero ine, mawa iwo. Kabuku ndinkachonga tsiku lililonse, ndikudziuza kuti piritsi lachokadi m'botolo. Kenaka anayamba kudandaula kuti tsiku lopanda piritsi msana umawakumbutsa. Pofika Ogasiti botolo linasamuka pakabati n'kukakhala pansi pa pilo wawo. Kuyambira pa 3 Ogasiti ine sindinamwepo ngakhale limodzi.

Mutu unabwerera ndi mphamvu zake zonse. Ogasiti ndinalemba mitanda isanu ndi inayi. Diresi lina la ukwati ndinalibweza nsalu nditaidula kale, mwini wake anandilalatira pakhonde anthu akuona, ndipo anali ndi chifukwa. Mitanda ndimalemba yoona, ululu sindingaunamizire. Bodza lili pa kuchonga kokha. Ndipo apongozi anga saiwala, amamwa nthawi yake kuposa mmene ndinkachitira mwini wakene, moti mapiritsi akawerengedwa amakwana ndendende. Sista Lenia anandionetsa kwa namwino mnzake n'kunena kuti, "Onse akanakhala ngati mayi awa, ntchito yathu ikanapepuka." Ndinangoyang'ana pansi, iwo n'kumayesa kuti ndi manyazi a ulemu.

Kumayambiriro kwa Seputembala dokotala wa kafukufukuyo anayang'ana kabuku kanga nthawi yaitali. Anati, "Pepani mayi, zikuoneka kuti mlingo uwu wasiya kukuthandizani. Tione mwezi uno. Zikapitirira chonchi, ulendo wamawa tikupatsani botolo la mlingo wokwera, monga mwa dongosolo lathu." Anandifunsa ngati ndikumva chizungulire kapena kufooka, ndinati ayi. Atatuluka ndinatsala ndi Sista Lenia. Ndinati, "Sista, pali kanthu." Anasiya cholembera n'kundiyang'ana, anati, "Nenani mayi anga, musaope, tili limodzi." M'malo moulula ndinafunsa ngati mapiritsiwa amamwedwa ndi madzi ozizira kapena ofunda. Munthu akakulandira bwino chotero umamukhumudwitsa bwanji? Ndinatuluka ndi botolo lina.

Za chizungulire ndinayankha zoona, chifukwa sichili ndi ine. Chili ndi apongozi, ndipo kawiri tsopano. Koyamba ankadzuka pamene ankasenda mtedza, anadzandira n'kugwera pachitseko. Kachiwiri, sabata yatha, anagwa pafupi ndi mgolo wa madzi, mphumi n'kugunda m'mphepete mwake, chotupa chilipo mpaka lero. Ine ndinali kumakina, anandiuza ndi aneba. Apongoziwo akuti ndi dzuwa la Seputembala. Masana akumangowodzera. Atandiona ndikuyang'ana kupilo kuja anati, "Musayambe zoganizaganiza, mankhwala anga alibe mlandu." Akuti anga, Aphungu.

Ndinawauza a Bonifasi kuti ndikufuna kukaulula. Anati, "Mukaulula akuchotsani, ndiye amayi mapiritsi awapeza kuti? Nanga akakutengerani kupolisi, poti munasaina? Tadikirani miyezi itatu yatsalayi ithe." Iwo amanena zimenezi Loweruka, Lolemba n'kukwera basi. Wotsala ndi mutu, kabuku ndi mayi odzandira ndine.

Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Tsiku langa lopita kuchipatala ndi Lachiwiri loyamba la Okutobala. Mitanda ya Seputembala yafika kale khumi, ndiye botolo lamphamvu lija ndilandira ndithu. Apongozi anena kuti Lachinayi la sabata yomweyo akubwerera kumudzi kukasosa munda mvula isanagwe, ndipo botolo latsopanolo apita nalo. Otsatirawo akuti ndiziwatumizira pa minibasi. Kumudziko amakhala okha, chitsime chili kudambo, ndipo amatunga okha.

Ndatopa, Aphungu. Ndatopa ndi mutu, ndatopa kunamiza munthu yekhayo amene anandikhulupirira, ndatopa kutchera khutu nthawi iliyonse apongozi akamadzuka. Ndikaulula ndikuopa kuchotsedwa, ndibwerere kwa aja a "mutu basi". Ndikuopa nkhope ya Sista Lenia. Ndikuopanso kuti dzina la womana lindimatira kumudzi kwa amuna anga mpaka kufa, apongozi akapindikanso azidzati ndine ndinawalanda. Ndikakhala chete ndikuopa foni yochokera ku Tamanda. Kodi pali njira yoti ndiwapezere mapiritsi awoawo popanda kuulula? Kapena ndingobisa botolo ndiwauze kuti kafukufuku watha? Ndithandizeni, nzeru zandithera.

F.M., Chipata

Aphungu akuyankha:

Mayi F.M.,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere, ena adikire, chifukwa Lachiwiri mukunenalo si lakutali ndipo inu simuyenera kulidikira.

Mtima m'malo kaye. Simunaphe munthu, ndipo zimene munachitazo ambiri a ife tikanachita. Inenso ndinakulira m'nyumba momwe mapiritsi otsala a malemu ankasungidwa m'chitini kudikira wodwala wina, ndipo kulemera kwa dzanja la apongozi ndikukudziwa. Koma simunandilembere kuti ndikunyengerereni, ndiye imvani. Kupatsa n'kuika, inde. Vuto ndi lakuti chimene mukuika m'thupi la mayi a zaka 71 m'mawa uliwonse simukuchidziwa dzina, iwo sakuchidziwa, ngakhale Sista Lenia sakuchidziwa.

Mankhwala ena oletsa mutu waching'alang'ala amatsitsanso kuthamanga kwa magazi, ena amagonetsa. Apongozi anu akumwa kale awo a magazi. Ziwirizi zikakumana, munthu akadzuka mofulumira mutu umapepuka, m'maso mumada, n'kugwa. Sindine dokotala, ndipo sindikunena kuti ndi zimenezo ndithu. N'kutheka kuti botolo lanu ndi la mapiritsi opanda mankhwala aja, msana unapola chifukwa asiya khasu miyezi itatu, akudya nthawi yake, ndiponso mtima wawo unakhulupirira. Zimachitika, ndipo n'chifukwa chake ofufuza amaikamo mapiritsi oterewa, kuti asiyanitse ntchito ya mankhwala ndi ntchito ya chikhulupiriro. Koma ngati zili choncho ndiye kuti pali china chikuwagwetsa, ndipo nachonso chikufuna dokotala. Kulikonse mungakhotere, njira ikulowera kuchipatala.

Mafunso anu awiri aja, yankho ndi ayi onse. Mapiritsi awoawo simungawapeze popanda kuulula, chifukwa simukudziwa oti mukafunse. Kubisa botolo n'kunena kuti kafukufuku watha ndi kusanja bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba, komanso kuli ndi ngozi yake: mankhwala ena sasiyidwa mwadzidzidzi munthu atawamwa miyezi itatu. Zoti asiye lero kapena pang'onopang'ono anene ndi dokotala. Inunso musayambirenso kumwa mwa nzeru zanu zokha.

Tengani pepala munasaina lija. Mapepala otere amakhala ndi nambala ya foni yoimba pakagwa vuto. Imbani tsiku lomwe mwawerenga yankho lino, ndipo ikapanda kuyankhidwa vindikirani makina mupite nokha. Mawu ake ndi ochepa: "Kuyambira Julaye mapiritsi anga akumwa ndi apongozi anga a zaka 71, ali pa mankhwala a magazi, agwa kawiri." Yambani ndi zimenezo, kupepesa kubwere pambuyo. Ife tikayamba ndi kupepesa timazungulira mpaka kukathera pa madzi ozizira ndi ofunda. Pakamwa pakakana, lembani papepala muwapatse m'manja. Kulemba mumatha, ndaona.

Ofufuza amasunga chinsinsi cha mabotolo, koma moyo wa munthu ukakhala pachiswe amakhala ndi njira yodziwira zimene zili m'botolo la nambala yanu. Akakuitanani, pitani ndi apongozi, botolo, mankhwala awo a magazi ndi khadi lawo la kuchipatala cha kwawo. Chotupa cha pamphumicho muchionetse, ndipo munene za kuwodzera kwa masanako. Akayamba kusanza, kusokonezeka, kulankhula mosamveka kapena kuvuta kudzutsidwa, musadikire foni ya munthu, thamangani nawo.

Kabuku kaja musafufute, musang'ambe. Tengani pepala lina mulembe zimene mukukumbukira: tsiku munayamba kugawana, mmene munkasinthanirana mu Julaye, ndi tsiku munasiyiratu. Iwo adziwa chochita nazo. Mwanena kuti bodza lili pa kuchonga kokha, ngati kuti ndi laling'ono. Pamenepo tisiyane. Kabuku kanu pakali pano kakunena kuti munthu anamwa mokhulupirika miyezi isanu ndi umodzi, mankhwala n'kumukana. Ngati m'botolomo muli mankhwala enieni, ndipo ndiwo anakutsitsani kuchoka pa masiku khumi ndi awiri kufika pa awiri, ndiye kuti mukuwaperekera umboni wonama. Manambala anu akasonkhanitsidwa ndi a anzanu, ndipo zotuluka pamenepo zidzathandiza kugamula ngati mtsikana wina amene wayamba kuona timizere chaka chino adzapatsidwa mankhwalawa kapena adzauzidwa kuti amwe panado adzuke.

Za polisi, auzeni a Bonifasi asiye kukuopsezani. Pepala munasainalo ndi chilolezo chanu kwa iwo, ndipo ine sindinamvepo munthu atamangidwa chifukwa choulula zotere. Kuchotsedwa m'kafukufuku n'kotheka, sindikunamizani. Mwina akusungani, mwina ayi. Koma taganizani, kuyambira pa 3 Ogasiti munadzichotsa kale nokha, chimene mukutetezacho ndi mpando wodikirira chabe. Ndipo chachikulu chimene munapeza kumeneko palibe angakulandeni. Matenda anu tsopano akudziwika dzina, ndipo pali dokotala amene waona mitanda yanu ndi maso ake. Mufunseni mosapita m'mbali kuti, kaya mutsale kaya muchoke, ndi mankhwala ati oletsa mutuwu amene mungamalandire mwa nthawi zonse, chifukwa alipo ena omwe akugwiritsidwa ntchito kale. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, musachoke m'chipindamo musanafunse.

Sista Lenia adzakhumudwa, nkhope idzagwa, ndipo mudzapirira mphindi zimenezo. Anamwino amawadziwa anthu awo, sindikukhulupirira kuti ndinu woyamba kugawa botolo m'Chipata muno. Ulemu umene mukumupatsa pomubisira ndi umene ukumupangitsa kupereka mankhwala kwa munthu amene sanamuyezepo. Mukamuuza, mwamuthandiza kugwira ntchito yake.

Tsopano za kunyumba. Katundu uyu si wanu nokha. A Bonifasi ndiwo anakankha dzanja lanu kuti mupereke, ndiye abwere adzasenze nawo. Aimbireni foni, asadikire Loweruka, malole a ku Mwami sagwa chifukwa cha tsiku limodzi. Mawu owawa kwa mayi amanena ndi mwana wobereka, mpongozi amakhala pambali kuvomereza. Akakana kubwera, inu imbanibe kuchipatala, chilolezo chawo simukuchifuna pa zimenezi. Ndipo apongozi musawauze ngati mukuwalanda. Auzeni zoona: "Amayi, mwagwa kawiri. Mukakagwa kumudzi ife tidzayankha chiyani? Tiyeni adokotala akakuoneni, akupatseni anuanu olembedwa dzina lanu." Akuluakulu athu amakonda chinthu cholembedwa dzina lawo. Za masewero olimbitsa thupi aja, funsani ngati namwino wamkazi angawaphunzitse paokha, atavala chitenje chawo, kuti azikachitira m'nyumba chitseko chili chotseka. Anakana manyazi, kuchira sanakane. Ulendo wa kumudzi uchedweko mpaka adokotala anene, ndipo akamapita pakhale wowatungira madzi ndi wowasosera. Mwana wawo ali pantchito, akonze zimenezo.

Mwina adzakwiya. Mwina sadzadya tsiku lina lathunthu, ndipo kumudzi kudzamveka kuti mpongozi wa kutauni anasintha mtima. Zimenezo sindingakuchotsereni, ndipo ndikudziwa kuti munadikira zaka 20 kuti akuyamikireni pagulu. Zidzawawa. Koma womana amadya, amagona, amasoka madiresi, ndipo anthu akapeza nkhani ina amamuiwala.

Chenjezo langa ndi ili. Mwatopa, ndipo munthu wotopa amakonda kunena kuti ndikanena Lachiwiri ndikafika. Lachiwiri mudzafika, adzakulandirani akumwetulira, adzawerenga mapiritsi n'kupeza akwana, ndipo mudzatuluka ndi botolo lamphamvu m'chikwama. Lachinayi lidzakwera minibasi. Kudambo kulibe aneba oti adzakuuzeni kuti agwa, mudzangomva akadzapezeka. Imbani lero, apongozi anu akadali m'nyumba mwanu momwe mungathe kuwagwira dzanja.